Wowolotsa Anthu Amene Ndinamukwirira ndi Penti

Tiyamike ndi Madalitso, ana anga, mutu uno wa mbiri yanga ndaulemba m'Chichewa mwadala. Ndikudziwa kuti mudzanyinyirika n'kuthamangira kwa mayi anu kuti akumasulireni, koma nkhaniyi ndikamaifotokoza m'Chingerezi ndimaifewetsa, pamene si nkhani yoti ifewe. Mwakhala mukuuza anzanu kuti bambo anu ankakonza zithunzi zakale zojambulidwa ndi penti. N'zoona. Koma chilipo chimodzi chimene sindinachikonze, ndipo ndikufuna mumve kwa ine ndemwe mmene zinayendera.

1971

Ndinafika ku Toronto m'mwezi wa Malichi ndili ndi satifiketi ya ukalipentala ndi jekete imodzi. Jeketeyo anandipatsa ndi abusa ena a ku Canada amene ndinkawakhomera mabenchi a tchalitchi kwathu ku Chikwawa, ndipo ananditsimikizira kuti ndi yotentha. Inali yotenthadi, ku Chikwawa. Abusa omwewo ndi amene anandilembera kalata yopita kwa mnzawo wa pasukulu, Bambo Whitlock, mwini sitolo ya mafelemu ndi zithunzi zakale pakati pa mzinda. A Whitlock anali munthu wamtali, wa kaliwo pakamwa, wodziwa kulankhula ndi amayi achikulire olemera. Iwo ankakhala pamwamba atamanga tayi, ife antchito pansi m'bezimenti, momwe munali kawindo kamodzi koonetsa nsapato za anthu odutsa mumsewu. Tsiku loyamba ndinawauza kuti ndine Efraimu Kachingwe. Anayesa kawiri, lilime linakana, kenako anatenga epuloni ya kalipentala amene anachoka ine ndisanabwere. Pachifuwa pake panali posokedwa dzina. Anati, "Basi, ukhala Fred. Epuloni ndi yabwinobwino iyi." Ndinaseka poganiza kuti ndi nthabwala. Ndinakhala Fred zaka zinayi.

Ndinkachita lendi kachipinda ku Scarborough. M'mawa ndinkakwera basi, kenako sitima ya pansi pa nthaka, ndipo ndikamisa basi yoyamba ndinkaima pachisanu mpaka zala kuuma moti kuntchito ndinkayamba ndazinyika m'madzi ofunda ndisanagwire tchizulo. Ntchito yanga inali yodula ndi kulumikiza mafelemu, kuumba maluwa a pulasitala amene anabenthuka m'makona mwake, n'kuwamata golide wopyapyala amene amauluka munthu akangopuma. Mayi anu ananditsatira chaka chotsatira. Kwathu anali namwino weniweni, wa chipewa choyera, koma kuno anauzidwa kuti mapepala awo sakudziwika, choncho anakayamba ntchito yosambitsa nkhalamba kunyumba yosungirako okalamba. Za zimenezo adzakuuzani okha, ali ndi mawu oposa anga.

1972 mpaka 1973

M'bezimentimo sindinali ndekha. Pakona panali thebulo la Mayi Zofia, mayi wa ku Poland wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, amene ankatsuka ndi kukonza zithunzi zenizenizo. Anali waukali, wosadziwa kuyamika, ndipo manja ake anali atayamba kunjenjemera. Tsiku lina anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali ndikumata golide, kenako anati, "Dzanja lako silinjenjemera. Bwera kuno." Anandipatsa kamtengo kokulungidwa thonje kunsonga. Anati, "Nyowetsa ndi malovu." Ndinamuyang'ana. Ndinati, "Mayi, kwathu munthu akalavulira chinthu cha mwini amaitanidwa kubwalo." Iye anati, "Kuno amalipidwa. Nyowetsa." Ndinadziuza mumtima kuti ndawoloka nyanja yamchere kudzanyambita katundu wa azungu. Koma litsiro la utsi linachokadi, ndipo pansi pake panatuluka mtambo woyera. Kuyambira pamenepo anandiphunzitsa zonse: kusungunula vanishi wakale pang'onopang'ono ndi mankhwala, kumata chinsalu chatsopano kuseri kwa chakale ndi phula ndi simbi yofunda, kudzaza pobenthuka. Lamulo lake linali limodzi, ndipo ankalibwereza ngati pemphero: chilichonse chimene waika pachithunzi, wobwera pambuyo pako azitha kuchichotsa.

Zaka zimenezo a Whitlock anagwidwa ndi matenda a mitsinje. Ankawoloka malire kupita ku America, kumaliro a anthu olemera kumene ana amagulitsa katundu wa makolo, n'kubwerako galimoto itadzaza zithunzi za penti yamafuta zojambulidwa zaka zoposa zana m'mbuyomo. Pafupifupi zonse zinali za mitsinje. Mtsinje waukulu ukukhota pakati pa mapiri, mitengo ya masamba ofiira kutsogolo, kumwamba kuwala ngati uchi, madzi ali phee. Zinali zokongola, sindikana. Ojambula aja ankadziwa kuyala penti yopyapyala, ina pamwamba pa inzake, mpaka kuwala kumaoneka ngati kukuchokera mkati mwa chinsalu. Koma nditatsuka cha nambala khumi ndinalephera kupirira. Ndinafunsa Mayi Zofia kuti, "Kodi anthu ali kuti?" Anati, "Anthu ati?" Ndinati, "A mtsinjewu. Ochapa ali kuti? Otunga madzi, asodzi, ana osambira? Ine ndinakulira pa Shire. Malume anga ankawolotsa anthu pabwato moyo wawo wonse. Mtsinje waukulu chonchi wopanda munthu ndiye kuti kwagwa mliri." Iye anangoti, "Ogula ankafuna dziko looneka ngati Mulungu wangomaliza kumene kulilenga. Akaikamo munthu, amakhala kadontho. Tsuka, usafunse."

Zosowa zinali zambiri, ndipo zambiri mwa izo zinali zochita kupanga a Whitlock. Chinsalu chabwino cha ku Ulaya chikachedwa kufika, ankabwera ndi nsalu ya matenti n'kunena kuti chinsalu ndi chinsalu. Mankhwala akatha, ankatigulira a m'sitolo ya zomangira nyumba, onunkha moti pofika masana mutu unkachita kugunda ngati ng'oma, m'chipinda chopanda potulukira mpweya. Nthawi yachisanu ankatsegula mipope yotenthetsa nyumba mpaka pamapeto, mpweya n'kuuma gwa, penti yakale n'kumathetheka tikuona. Ine ndinkaika mabeseni a madzi pafupi ndi mipopeyo kuti mukhale chinyezi. Iwo akatsika ankawapunthwa, madzi khuthu, n'kukuwa kuti, "Fred, kuno si kumudzi kwanu!" Ndinawafotokozera kasanu chifukwa cha mabeseniwo. Kachisanu ndi chimodzi ndinangotenga chokolopera.

Okutobala 1974

Chithunzi chimene ndikufuna kukuuzanichi sichinali cha a Whitlock. Chinali cha Mayi Aldridge, mayi wamasiye wa ku Oshawa, amene malemu amuna awo anali bwana pafakitale ya magalimoto. Ankasamuka m'nyumba yawo yaikulu kupita ku kanyumba kakang'ono, ndipo ankafuna chitsukidwe asanachipachikenso. Kukula kwake chinali ngati chitseko chogoneka. Chinalibe dzina la wojambula. Mayi Zofia atachitembenuza n'kuona misomali ndi matabwa akuseri, anati ndi cha zaka za m'ma 1850, ndipo kapepala kakale komatidwa pamenepo kankati ndi mtsinje wa Ohio. Vanishi wake anali atada ngati tiyi wopanda mkaka. Nthawi imeneyo manja a Mayi Zofia anali atafika posatha kugwira kamtengo ka thonje, choncho iye ankakhala pampando n'kumalamula, ine n'kumatsuka.

Ndinayamba kumwamba. Sabata yoyamba kunatuluka thambo la m'mawa, nkhungu ikunyamuka pamadzi, tsidya lina phiri lobiriwira ndi kanyumba koyera. Koma pansi kumanzere panali chitsamba chachikulu chakuda chimene chinandisowetsa mtendere kuyambira tsiku loyamba. Ndinati, "Mayi, chitsamba ichi n'chabodza." Anati, "Wadziwa bwanji?" Ndinati, "Chamera pamadzi akuya. Taonani mmene madzi akuyendera apa, ndi pamkondo penipeni. Palibe chitsamba chingamere pamenepa. Komanso chilibe chithunzithunzi chake m'madzi, pamene mitengo inayi ili nacho." Anazimitsa magetsi n'kuyatsa nyali yathu yabuluu, imene imaonetsa penti yoikidwa pambuyo ngati banga lakuda. Chitsamba chonse chinada bii. Wina anachiwonjezera patapita zaka zambiri, ndipo anali wosadziwa ntchito. Ndinachotsa kamalo kochepa ngati chikhadabo kuti tione chimene chili pansi. Panatuluka zala zinayi zakuda zitagwira mtengo.

Tinaitana a Whitlock. Mayi Zofia anawauza momveka bwino kuti ayambe afunsa mwini chithunzi tisanapitirize. Iwo maso anali atawala kale. Anati, "Kufunsa chiyani? Anatipatsa kuti titsuke. Chilichonse chimene si cha wojambula woyamba, chichoke. Pitiriza, Fred." Ndinafunsanso kuti, "Bwana, mwawaimbira foni?" Anati, "Ndiwaimbira." Sanawaimbire.

Zinanditengera milungu itatu, ndi kampeni kakang'ono ka madokotala ndi galasi lokuzira zinthu. Munthuyo anatuluka pang'onopang'ono, dzanja kaye, phewa, kenako chipewa cha udzu chokankhidwira kunkhongo. Anali munthu wakuda, wa malaya ofiira otha, ataimirira kumbuyo kwa bwato lafulati lopanda katundu, ngati wangowolotsa anthu ndipo akubwerera. Sanali kadontho. Kutalika kwake kunali ngati chikhatho changa, ndipo wojambula anamuthera nthawi. Mtengo wokankhira bwato unali utatsamira paphewa, thupi lonse litalemerera phazi lakumbuyo, maso ali pamadzi akutsogolo pamene mkondo ukukhota. Umo ndi mmene malume anga ankaimira. Wojambula uja sanangomuganizira munthuyu ali m'nyumba, anakhala pagombe n'kumuona akugwira ntchito. Tsiku limene nkhope inatuluka, Mayi Zofia anavala magalasi awiri, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Anati, "Chithunzi chonsechi anajambulira iyeyu. Taona kuwala kumene kwalunjika." Aka kanali koyamba kumumva akulankhula motsitsa mawu.

Mayi Aldridge anabwera Lachinayi masana, atavala chikhoti chaubweya, akuyenda ndi ndodo. A Whitlock anali atakweza chithunzi pamwamba n'kuchiphimba ndi nsalu kuti achivundukule ngati pa ukwati. Ine anandiimika pakona ndi epuloni yanga. Atachotsa nsaluyo, mayiwo sanayang'ane thambo kapena phiri. Maso awo anapita pansi kumanzere n'kukhala pomwepo. Kenako anati, "Ndinakupatsani mtsinje. Bwezeranimo chitsamba changa." Anatembenuka n'kutuluka. Chitseko chisanatsekeke n'komwe, a Whitlock anandicheukira nkhope ili psuu. Anati, "Fred, anakuuza ndani kuti uchotse chitsamba chija?" Ana anga, pa moyo wanga wonse wa ntchito sindinayandikirepo kumenya bwana ngati mphindi imeneyo. Ndinati, "Munandiuza ndinu, Mayi Zofia ali pomwepo." Iwo anati, "Ine ndinati utsuke. Sindinati ufukule anthu."

Novembala 1974

Ndinaganiza zopita ndekha ku Oshawa. Mayi anu, amene nthawi imeneyo anali oyembekezera iwe Tiyamike, anandiletsa. Anati, "Inu, mukufuna mukagogode pakhomo pa mzungu wolemera popanda kuitanidwa? Akakuitanirani apolisi." Ndinati ndikalankhula mwaulemu. Anati, "Ulemu wanuwo ndimaudziwa. Umayamba bwino." Ndinapitabe, Loweruka m'mawa, nditavala suti ya kutchalitchi. Masiku amenewo sitima inkathera panjira, kotsalako n'kukwera basi, ndipo ndinasochera kawiri ndisanapeze nyumbayo. Munali makatoni okhaokha. Mayiwo anatsegula okha. Anandizindikira, sanadabwe, ndipo anandilowetsa kukhitchini n'kunditelekera tiyi.

Ndinali nditakonza mawu ambiri m'sitima. Ndinawauza kuti chitsamba chija chinali chowonjezera, kuti amene anachijambula anali mbuli, kuti munthu wa m'bwatoyo ndiye mtima wa chithunzicho. Anandisiya mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Mnyamata iwe, ukuganiza kuti sindikumudziwa? Ndili mwana ndinkamupatsa moni m'mawa uliwonse." Anandifotokozera kuti anabadwira tsidya lakumwera la mtsinje womwewo. Doko lija linali la bambo wa agogo awo. Bwato linali lawo. Munthu wa m'bwatoyo analinso wawo, monga mmene bwato linalili lawo. Mawu akuti kapolo sanawatchule, anangowazungulira. Banja lawo litasamukira kumpoto, iwo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, alendo ankafunsa za munthuyo, ndipo mayi awo anatopa ndi kuyankha. Tsiku lina anaitana munthu wopenta zikwangwani, ndipo mwana uja atadzuka anapeza chitsamba. Anati, "Ndinalira tsiku lonse. Kenako ndinazolowera."

Ndinafunsa kuti, "Dzina lake anali ndani?" Anati, "Agogo ankamutchula kuti Ben. Kaya linali lakedi." Ndinaika kapu pansi. Ndinati, "Ndiye mayi, wabwerera. Bwanji osamusiya?" Anati, "Ndili ndi zaka makumi asanu ndi atatu ndi chimodzi. Kumene ndikupitako ndizikhala m'chipinda chimodzi ndi chithunzi chimenechi mpaka kufa. Sindingathe kuti azindiyang'ana." Ndinati, "Sakuyang'ana inu. Akuyang'ana madzi, ali pantchito." Anati, "Ndikudziwa. Ndi zomwezo." Ndinawapempha kuti ndiye achipereke kunyumba yosungirako zithunzi, anthu azikachiona, iwo apachike china. Anakana, anati ndi chinthu chokha cha mayi awo chimene chinatsala. Apa ulemu wanga unathera pamene mayi anu ananena. Ndinati, "Nkhuyu anadya ndi makolo anu, inu zikukupotani, ndiye mukufuna amene akwiriridwe akhale iyeyu, kachiwiri, ndipo womukwirira ndikhale ine?" Za nkhuyuzo sindikudziwa ngati anazimva m'Chingerezi changa, koma zotsalazo anazimva. Anaimirira ndi ndodo yawo. Anati, "Chithunzicho n'changa." Ndipo zinali zoona. Ndinabwerera ku Scarborough ndikulankhula ndekha m'basi ngati wamisala.

Disembala 1974

Lolemba a Whitlock anali akundidikira pamasitepe. Mayi aja anali atawaimbira. Anakuwa kwa nthawi yaitali za kasitomala, za dzina la sitolo, za mmene anandichitira chifundo pondilemba ntchito. Pomaliza anati, "Lachisanu ndikufuna chitsamba. Ukakana, siya epuloni uzipita, ndijambula ndekha." Ndinkaganiza kuti akungoopseza mpaka pamene anatsika ndi bokosi la penti yamafuta, ndipo pamwamba pake panali sandipepa. Ndinafunsa kuti sandipepayo ndi wa chiyani. Anati, "Wokhulira pamalopo, kuti penti igwire." Mayi Zofia anatukwana m'chinenero cha kwawo. Munthu amene anagulitsa zithunzi zaka makumi atatu sankadziwa kuti akangopititsa sandipepa kawiri, nkhope ija yapita ndipo palibe adzaibweze.

Iwo atakwera, Mayi Zofia anandiuza kuti ilipo njira ina. Kupaka kaye vanishi watsopano pamwamba pa munthuyo kuti akhale ngati ali kuseri kwa galasi, kenako kujambula chitsamba pamwamba pa vanishiyo ndi penti yosungunuka msanga. Wodziwa ntchito akhoza kudzachichotsa m'theka la ola, osakhudza chilichonse pansi. Anati, "Ine manja ndilibe. Ukakana iwe, palibenso wina." Ndinamuyankha mwaukali kuti sindinabwere kuno kudzabisa munthu wakuda kuti mzungu azigona tulo. Anati, "Chabwino. Ndiye pita kwanu ndi manja oyera."

Madzulo ake ndinafotokozera mayi anu akusita yunifolomu yawo. Ndinati ndaganiza zorizayina, koma chikundivuta ndi mwana akubwerayu. Anaimika simbi. Anati, "Ayi. Ine ndi mimba yangayi musatilowetsemo. Mukajambula, musadzanene kuti munajambulira ife. Mukasiya ntchito, sitifa, ine ndikugwira." Ndinati ndiye ndikasiya. Anati, "Kasiyeni. Anthu kutchalitchi akakuyamikani kuti a Kachingwe ndi mwamuna. Nanga uyo wa m'bwatoyo Lachisanu ali kuti?" Anapitiriza kuti, "Ine tsiku lililonse ndimasambitsa gogo wina amene amanditchula mayina oti sindingawabwereze m'nyumba muno. Mukuganiza kuti sindifuna kuponya thaulo pansi? Koma ndikachoka, amene amabwera pambuyo panga amamukoka ngati thumba la makala. Sankhani chimene mukufuna kupulumutsa, nkhope yanu kapena yake." Ndinakwiya nawo kwambiri. Khoswe anali atakhala pamkhate.

Lachiwiri ndinavala epuloni. Poyamba ndinabwereka kamera n'kujambula munthuyo kangapo, pafupi ndi patali. Kenako ndinamupaka vanishi, kawiri, mofatsa, n'kudikira kuti aume. Lachitatu ndinayamba chitsamba. Ndinayambira kumapazi, n'kukwera. Bwato linapita, malaya ofiira anapita, mtengo uja unasanduka nthambi. Nkhope ndinaisiya mpaka Lachisanu m'mawa. Mayi Zofia ananamizira kuti akukagula buledi n'kutuluka, ndipo ndinamuthokoza mumtima. Ndinalankhula naye munthuyo m'Chichewa, poti dzina lake lenileni sindinkalidziwa ndipo Chingerezi chinali chitamulamula mokwanira. Ndinati, "Pepani akulu, bisalani kaye." Kunali kupaka katatu kokha ndi bulashi yaing'ono. Nditamaliza ndinalemba kalata yofotokoza chimene chili pansi pa chitsamba, mankhwala ochotsera, zimene Mayi Aldridge anandiuza, ndi dzina langa lonse. Ndinaiika mu envulopu limodzi ndi zithunzi za kamera zija, n'kuikhomerera kuseri, mkati mwa thabwa lotchingira fumbi.

A Whitlock anatsika masana, kaliwo pakamwa, manja kumbuyo. Anayang'ana kwa kanthawi, n'kundimenya paphewa. Anati, "Fred, ichi ndiye chaposa choyamba chija!" Anali wokondwa kuchokera pansi pa mtima. Sankadziwa kuti wanditukwana.

1975 ndi pambuyo pake

Iwe Tiyamike unabadwa mu Febuluwale. Mayi Zofia anapuma ntchito mwezi wotsatira, ndipo asanachoke anandilembera kalata, ya mizere itatu yokha, yopita kwa mnzake amene ankayang'anira malo okonzerako zithunzi cha ku Markham, komwe nthawi imeneyo kunali kukadali minda. Kumeneko ndi kumene ndinagwira mpaka kupuma, ndipo ankanditchula dzina langa. Tsiku lotsanzika ndinapinda epuloni n'kuiika pathebulo la a Whitlock. Anadabwa kwambiri. Anati, "Koma Fred, ndinakulakwira chiyani?" Ndinatsegula pakamwa, n'kuona kuti tsiku silikwana, ndipo ndinangowagwira chanza.

Mayi Aldridge anamwalira mu 1977. Ndinamva mochedwa, katundu wawo atagulitsidwa kale ndi achibale a ku America. Ndinalemba makalata anayi kufunsa kumene chithunzi chinapita. Atatu sanayankhidwe. Yachinayi inayankhidwa ndi mzere umodzi wonena kuti zithunzi zinagulidwa pamodzi ndi mipando ndipo wogula sakumukumbukira. Kuyambira pamenepo, buku lililonse la zithunzi zogulitsa likafika kuntchito ndinkayamba kuyang'ana mitsinje, pansi kumanzere. Mayi anu amati ndinawatopetsa pa maulendo athu, chifukwa tikalowa m'nyumba ya zithunzi ndinkathamangira chipinda cha mitsinje ngati munthu wofuna m'bale wake kuchipatala. Sindinachipeze.

Anthu ena ndikawafotokozera amati ndinachita bwino. Ena amati ndikanakana. Zimenezo sizindivutanso, ndinasankha ndipo ndikhoza kusankhanso chimodzimodzi. Chimene chimandidya mpaka lero ndi china, ndipo sindinachione mpaka patapita zaka. Pamene ndinkajambula chitsamba chija, manja anga anakana kuchita ntchito yoipa. Ndinaona kuti sichingamere pamadzi akuya, choncho ndinachiikira kachilumba ka mchenga pansi pake. Ndinachipatsa chithunzithunzi chake m'madzi. Masamba ndinawafanizira ndi a mitengo ya wojambula woyamba, mpaka kuwala kwa m'mawa kunagwera mbali yoyenera. Nyali yabuluu ikhoza kuchiulula ndithu, koma palibe amene amayatsa nyali pa chinthu chooneka bwinobwino, ndipo palibe amene amazula thabwa lakuseri popanda chifukwa. Wopenta zikwangwani uja anali mbuli, n'chifukwa chake ndinamupeza munthuyo. Ine sindinali mbuli.